Onofre Asafe Asananene

Capão Fundo, 4 Ogasiti 2024

Jandira mwana wanga,

Onofre Tibúrcio. Ndayamba ndi dzina limeneli moni ndisanakupatse, chifukwa likachedwa kutuluka limanditsamwa. Tsopano moni, Mulungu akudalitse. Ine ndilipo, koma miyendo ikumatupa. Usavutike kuimba foni, ndimangomva ngati njuchi m'botolo. Uzilemba, kalatayo uzipatsa Valdeci, dalaivala wa minibasi ya khonsolo yonyamula odwala.

Valdeci yemweyo ndiye wandiuza kuti wakhala akumutengera ku Belo Horizonte malume wako uja, mlongo wa malemu mayi ako. Akuti khansa ya m'magazi yakana mankhwala onse, ndiye amulemba pa kafukufuku wa kuntchito kwanuko. Ndinati Valdeci akunama. Koma dzulo Zulmira, mwana wa Onofre, anafika pano ndi tchizi komanso nkhuku yomanga miyendo. Akuti, "Amalume, tikuthokoza, Jandira wawapezera malo bambo." Munthu woti sanapondepo pano chimwalirireni mayi ako! Nkhuku ndinaibweza. Tchizi anasiya pakhonde n'kuthawa, ndipo sindilawa.

Mwina mabuku anakuiwalitsa, ndiye ndibwereze. Chaka cha 1983 ine ndinali mtsogoleri wa Foliya, gulu lathu loyenda khomo ndi khomo kuimbira Mafumu Atatu aja anakaona Yesu wakhanda, kuyambira pa Khirisimasi. Nyimbo zonse zinali m'mutu mwangamu. Onofre ankanyamula mbendera yopatulika ya Mafumuwo. Powoloka mtsinje anzathu anali atatsogola, tinatsala awiri. Iye anali atalawa kachasu nyumba iliyonse imene tinaima. Anaterereka, mbendera n'kugwera m'madzi, madzi n'kupita nayo. Titafika kutsidya anathamangira kukauza anthu kuti ine ndinamukankha nditaledzera. Mayi ako anandigwira mwendo kuti ndikhale chete, poti mlongo wakeyo anali pafupi kukwatira. Ndinakhala chete. Chaka chimenecho mvula inadula, nyemba zinapsa m'minda, anthu n'kumati ndi tsoka la Belarmino. Utsogoleri anandilanda n'kupatsa Onofre. Mpaka lero Foliya ikafika pageti langa imasiya kuimba, n'kudutsa mwakachetechete ngati pamanda.

Ine sukulu ndinalekeza m'kalasi yachitatu. Ndinakama ng'ombe za eni mpaka zala kupindika kuti iwe uphunzire. Tandiuza tsono, n'zoona kuti maphunziro amenewo ukuchiritsira Onofre?

Misa yokumbukira mayi ako ili pa 25 mwezi uno. Ubwere ndi mabatire a kamakina ka m'khutu.

Ndine bambo ako,
Belarmino

*

Belo Horizonte, 11 Ogasiti 2024

Bambo, ndidalitseni.

Kalata yanu ndalandira. Mabatire ali m'envulopu momwemu. Miyendoyo mukaonetse kuchipatala, musamangoimanga masamba.

Amalume sindinawapezere malo. Osankha odwala ndi madokotala, ine sandifunsa n'komwe. Ine ndine wa mu labotale, odwala sindiwaona. Chimene chimandifika ndi thumba lapulasitiki lokhala ndi nambala, lopanda dzina. M'thumbamo mumakhala asilikali a m'magazi a wodwala, aja amalimbana ndi matenda. Khansa imeneyi imawapusitsa, amangoidutsa osaizindikira. Ife timawasefa, n'kuwalowetsera kachirombo kochotsedwa ululu konyamula malangizo atsopano, kuti aidziwe khansayo akakumana nayo. Kenako timawaweta m'kabati yofunda ngati thupi la munthu mpaka achuluke. Tikawayeza n'kupeza kuti ali bwino, timawaumitsa ndi chisanu, n'kuwatumiza kuti abwerere m'thupi la mwiniwake.

Mukumbukire ana a ng'ombe ofooka aja munkawamwetsa pabotolo. Asilikaliwa ali chimodzimodzi, sadziwa Lamulungu. Tsiku lililonse amafuna kuwawerenga ndi kuwasinthira chakudya. M'chipindamo timalowa titavala thupi lonse, maso okha ali pamtunda. Chuku chikangolowa pang'ono, zonse zatayika, ndipo wodwala alibe nthawi yoti tiyambirenso.

Palinso timbale towetera asilikali ta kafukufuku wanga ine. Odwala okalamba amene amwa mankhwala ambiri, asilikali awo amabwera atatopa, amakana kuswana. Ndakhala zaka ziwiri ndikuyesa njira zowadzutsira, ndipo pano ndi pamene zayamba kuoneka.

Tilipo ochepa, mnzanga wina ali patchuthi chokabereka. Choncho ku Misa sindibwera, bambo. Ndikayatsa kandulo konkuno. Mukudziwa kuti ntchitoyi ndinaisankha chifukwa cha mmene amayi anavutikira ndi matenda omwewa.

Kaya thumba la amalume lili m'manja mwanga kaya ayi, sindikudziwa, ndipo ndikanadziwa sindikanakuuzani. Tchizi idyani, sichinagwetse mbendera.

Mwana wanu,
Jandira

*

Capão Fundo, 1 Sepitembala 2024

Jandira,

Mulungu akudalitse, ngakhale wandichititsa manyazi. Pa Misa ndinakhala ndekha pabenchi. Bambo Mfumu anafunsa kuti mwana ali kuti. Ndikanati chiyani? Kuti akumwetsa magazi a eni pabotolo?

Ukuti sukudziwa. Ine ng'ombe iliyonse ndinkaidziwa ndi kalilidwe kake, iwe ungalephere kudziwa magazi a malume wako? Usandiyese mwana.

Titatuluka m'tchalitchi ndinalowa m'golosale ya Nonato kukagula khofi. Munali modzaza, ena akusewera madomino. Nonato atangondiona anakuwa.

"Patukani, alowe bambo wa dokotala! Belarmino, akuti mwana wako akuweta magazi a mlamu wako ngati anapiye. Amawapatsa chiyani, chimanga kapena gaga?"

"Kachasu," ndinatero. "Magazi a Onofre sadziwa chakudya china."

Anthu anaseka mpaka madomino kugwa patebulo. Nanenso ndinaseka, sindibisa. Koma wina kumbuyo, woimba ng'oma m'Foliya, anati, "Ndiye kuti Mgwetsambendera wakhululuka? Chaka chino tiime pageti pako, kapena utikankhiranso mumtsinje?"

Anasekanso, koma tsopano ankaseka ine. Nonato n'kuwonjezera, "Muime, koma mbendera muimange chingwe."

Mwana wanga, dzina limeneli ndalisenza zaka makumi anayi. Ndinaika khofi pansi, n'kuwauza kuti, "Tamverani nonse. Onofre ali m'botolo, ndipo botololo lili m'manja mwa mwana wanga. Ine kungolemba kalata imodzi, mawa lake amukhuthulira m'ngalande."

Nonato anandipatsa khofi ndi manja awiri. Aka n'koyamba chichitikireni za kumtsinje kuti anthu a pano andiyang'ane popanda kutsinzinirana maso. Ndinayenda mpaka kunyumba osapumira panjira.

Usade nkhawa, kalata yoteroyo sindilemba. Mulungu ali ndi ngalande zake. Koma undiuzeko mmene akuyendera asilikali a galu ameneyo. Ine ndikuganiza kuti athawa nkhondo ngati mwiniwake.

Bambo ako,
Belarmino

*

Capão Fundo, 20 Sepitembala 2024

Msuweni Jandira,

Ndikhulupirira uli bwino, poti ife sitili bwino. Madokotala atiitana n'kutiuza kuti asilikali a bambo sanachuluke. Akuti anakana kuswana, ndiye palibe choti awabwezere m'thupi. Bambo tabwera nawo kunyumba. Akulephera ngakhale kugwira kapu.

Ine sindinaphunzire ngati iwe, koma makutu ndili nawo. Capão Fundo yense anamva zimene bambo ako ananena kwa Nonato. Ananena za ngalande, ndipo sipanathe mwezi. Ukufuna ndiganize chiyani? Tinkasamba mtsinje umodzi, Jandira. Bambo anga ndi amene anakugulira nsapato za Ukaristia wako woyamba, ngakhale bambo ako anakuletsa kuzivala.

Dokotala wamkulu atatifunsa ngati tili ndi funso, ine ndinamuuza zonse: kuti ndiwe mwana wa mlongo wawo wa bambo, za mbendera, ndi za kwa Nonato. Analemba. Ngati sunalakwe, Mulungu akuyeretsa. Ngati unalakwa, akuone.

Zulmira

*

Capão Fundo, 29 Sepitembala 2024

Jandira,

Mulungu akudalitse. Valdeci wabwera kawiri chimanjamanja. Akuti anakupeza pageti la kuntchito, unalandira kalata yanga n'kubwerera mkati. Wadwala? Onofre wabwerera, akuti zakanika. Ndinakuuza kuti athawa nkhondo. Anthu akumandilambalala pamsewu, mkazi wa Nonato anachita chizindikiro cha mtanda atandiona. Misala yanji imeneyi? Yankha.

Bambo ako

*

Belo Horizonte, 6 Okutobala 2024

Bambo,

Ndidalitseni ngati mukufuna. Mwafunsa nkhani, nayi.

Andichotsa m'chipinda chowetera asilikali. Khadi langa lotsegulira chitseko alitseka. Ndinakhala pamaso pa anthu asanu, mkulu wathu n'kundiwerengera mawu anu a m'golosale, limodzi ndi limodzi, mpaka ngalande. Anandifunsa kuti, "Awa ndi bambo ako?" Ndinati inde. Anandifunsanso chifukwa chake sindinanene kuti wachibale wanga ali m'kafukufuku. Zoonadi, ndinayenera kunena tsiku lomwe ndinawerenga kalata yanu yoyamba. Ndinkaganiza kuti nambala ikwanira kunditchinjiriza.

Tsopano akufufuza chilichonse chimene ndinakhudza. Mpaka amalize, odwala ena awiri amene anali pamzere adikira. Amenewo sadziwa Foliya, sadziwa Capão Fundo.

Timbale tanga taja tafa. Mnzanga anayesa kutidyetsa pakati pa ntchito zake, koma chuku chinalowa. Ndinationera pawindo akutiponya m'thumba lofiira la zinyalala. Zaka ziwiri, bambo.

Asilikali otopa amakana kuswana popanda wina kuwalodza. Zimachitika, n'chifukwa chake ndinkachita kafukufuku uja. Mukufuna kuseka? Pano ponse, amene ali ndi dzanja lodzutsa asilikali otopa ndine. Ndamva kuti madokotala ayesanso kachiwiri ngati amalume angapeze mphamvu. Akadzayesa, ine sadzandilola ngakhale kuyandikira chitseko.

Munapeza ulemu wanu kwa Nonato. Ndikhulupirira khofiyo anakoma. Musandilemberenso za mbendera. Ndinabadwa itapita kale ndi madzi, koma ndakhala ndikuisenza kuposa amene anaigwetsa.

Jandira

*

Capão Fundo, 20 Okutobala 2024

Jandira mwana wanga,

Mulungu akudalitse, ndipo ndikufuna, usandifunse zimenezo. Kalata yako ndaiwerenga katatu. Anthu ophunzira asanu kukhala pansi chifukwa cha nkhani za m'golosale! Kodi kwawoko amuna salankhula akapsa mtima? Komabe ndinavala jekete n'kupita kwa Onofre. Ndinapumira kanayi panjira.

Zulmira anatsegula chitseko theka.

"Mwabwera kudzamaliza, amalume?"

"Ndabwera kudzakuuza kuti mwana wanga sanakhudze kanthu. Pakamwa ndi panga, ukandinenere ine."

Mkati munamveka kamawu ngati ka mwana wa mbuzi. "Muloleni alowe, wabwera kudzayeza bokosi."

Jandira, munthu uja watha. Wangotsala mphuno ndi makutu. Anauza Zulmira kuti akafulule khofi, n'kudikira mpaka chitseko cha kukhitchini chitatsekeka.

"Khala pansi, mlamu, ukupuma ngati mvukuto. Tifa limodzi kodi?"

"Iwe uyamba," ndinatero. "Koma usanapite, nena za kumtsinje."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndinaterereka ndine. Ndani sadziwa? Iwe ukudziwa, ine ndikudziwa, mlongo wanga ankadziwa."

Zaka makumi anayi ndikudikira mawu amenewa, ndipo anatuluka mopepuka ngati akupempha mchere. Ndinati, "Itana Zulmira ubwereze."

"Sindingathe."

"Lilime lakana kuswana nalonso?"

"Ndinawinda, mlamu. Tsiku lomwe asilikali anga anakanika, ndinauza Mafumu Atatu kuti akandichiritsa, pa 6 Januwale, tsiku la chikondwerero chawo, ndidzanyamula mbendera ndekha, ndidzaima pageti lako, ndi kunena zonse pamaso pa Foliya. Ukufuna ndilipire chowinda chisomo chisanabwere? Ndikanena lero, ndiwapatsa chiyani? Ndilibe china chimene angafune kwa ine."

"Nanga ukafa?"

"Ndikafa, ndiye kuti sanalandire. Mbendera unagwetsa ndiwe."

Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanamutsamwitsa ndi pilo. Chondipweteka kwambiri n'chakuti galuyo akunena zoona. Chowinda sichilipidwa patsogolo, ine ndemwe ndinkaphunzitsa anthu zimenezi ndili mtsogoleri. Zulmira atalowa ndi khofi ndinati, "Bambo akowa avomera!" Onofre anatseka maso n'kuyamba kuliza mkonono wabodza. Zulmira anandiyang'ana ngati wamisala.

Komabe Zulmira wavomera kukauza dokotala kuti analankhula ndi mkwiyo. Tsopano undiyankhe msanga. Adzayesanso liti? Munthu wotere azidya chiyani kuti magazi alimbe? Ndamutumizira mazira ndi uchi kudzera kwa Valdeci, koma ndamuuza Valdeciyo kuti asanene kumene zachokera.

Bambo ako,
Belarmino

*

Belo Horizonte, 24 Novembala 2024

Bambo, ndidalitseni.

Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinali ndisanasiye kukwiya. Ndiyambe ndi izi: andiyeretsa. Chilichonse m'chipindamo timachita awiriawiri, ndipo apeza kuti thumba la amalume sindinalikhudze n'komwe. Khadi langa latsegulidwa. Timbale tanga ndayambiranso pachiyambi.

Za amalume ndikuuzani zokhazo zimene Zulmira wandiuza ngati msuweni, poti tayambanso kulankhulana. Awatenganso asilikali kachiwiri. Akuswana, koma pang'onopang'ono. Masiku amenewa ine ndimagwira kuchipinda china. Anzanga akamatuluka ndimayang'ana nkhope zawo, iwo amayang'ana pansi, chifukwa saloledwa kundiuza kanthu.

Akachuluka n'kupambana mayeso, awabwezera m'thupi chapakati pa Disembala. Kenako pamabwera kutentha thupi koopsa, ena amasokonezeka mutu kwa kanthawi. Ena amachira, ena ayi. Uyu ndi kafukufuku, bambo, sitilonjeza munthu tsiku.

Valdeci akuti nsapato sizikukulowaninso, ndipo mukugona chokhala. Chifukwa chiyani simunandiuze? Pa Khirisimasi ndapempha masiku atatu.

Mwana wanu,
Jandira

*

Capão Fundo, 15 Disembala 2024

Jandira mwana wanga,

Mulungu akudalitse. Zilembo zikupendama chifukwa ndikulemba nditatsamira khoma. Namwino wa pano akuti mtima wadzaza madzi, akufuna ndikagone kuchipatala cha kuboma. Ndakana. Ndikachoka pano, geti adzaimapo la ndani? Bambo Mfumu anabwera ndi mafuta oyera, ndinawauza kuti akasunge kaye.

Valdeci wamutenga Onofre Lachitatu. Ndinaima pawindo minibasi ikudutsa, galuyo n'kundikwezera chipewa. Madzulo ano a Foliya ayamba kuyeserera kuseri kwa tchalitchi. Ngakhale ndi khutu limodzi ndikumva kuti nyimbo yopemphera kulowa m'nyumba akuiyambira pamwamba kwambiri, sadzafika nayo kumapeto.

Ukuti simulonjeza tsiku. Ine sindinawerenge mabuku anu, koma ndikudziwa kuti mwana wa ng'ombe wofooka amakhala moyo ngati wina wamukakamira. Ukuti sakulola kuyandikira chitseko. Chabwino. Koma amene akulowawo amamwa nawe khofi. Uwauze kuti kuli nkhalamba ina imene yatukwana munthu ameneyu zaka makumi anayi, ndipo pano ikumupempherera kolona m'mawa ndi madzulo, mano ikukukuta. Pa Khirisimasi usabwere. Masiku atatuwo ukagwire ntchito za anzakowo, kuti iwo asachoke pambali pake.

Sindikupempha kuti ndichire. Sindikufuna utsogoleri, mawu anandithera kale. Manda anga ali pafupi ndi a mayi ako, palibe choti ukonze. Chimene ndikufuna ndisanafe ndi chimodzi. Onofre Tibúrcio aime pageti langa, kaya ndi miyendo yake kaya amunyamule pampando, ng'oma zisiye kulira, ndipo anene ndi pakamwa pake, mokweza kuti ndi ine wogontha ndimve. Akanena, afe mawa lake, ngati ndilipo ndidzamuimbira ndekha kumanda.

Koma asananene, Jandira, musamulole afe.

Bambo ako,
Belarmino Quirino